Makalata a Omvera: Kodi Chikondi Chili Pangati?

Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi ena a ku Mponela. Akuti: "Pa ukwati wa mwana wa achimwene anga, alangizi ananena kuti mawu achingerezi akuti love m'Chigiriki ali panayi, ndipo chikondi chenicheni ndi agape basi, zinazo n'zathupi. Usiku umenewo tulo sindinatione. Kodi chikondi changa pa ana anga n'chachabe?"

Mayi, mtima m'malo. Mawu anayiwo alipodi. Eros ndi chikondi cha mwamuna ndi mkazi, ndipo mawuwa sapezeka n'komwe m'Chipangano Chatsopano. Storge n'cha pachibale, chija cha mayi wopalira chimanga mwana ali kumsana. Philia n'cha mabwenzi odyera mbale imodzi. Dzina la mzinda wa Philadelphia, lotanthauza kukondana kwa abale, linachokera pamenepa. Agape ndi mawu amene Paulo akugwiritsa ntchito pa 1 Akorinto 13, ponena za chikondi choleza mtima, chosatsata za mwini yekha.

Koma pa nkhani yoti enawo ndi achabe, pepani alangizi, ine sindikuvomereza. Olemba Malemba sanamange mpanda pakati pa mawuwa. Pa Yohane 3:35, ponena kuti Atate amakonda Mwana, pali agapao, mneni wa agape. Mukafika pa Yohane 5:20, mfundo ndi yomweyo, koma mneni ndi phileo, wa philia. Nanga Dema uja anasiya Paulo chifukwa chokonda dziko lino pa 2 Timoteo 4:10? Pamenepo palinso agapao! Ndipo pa Aroma 12:10, polangiza Akhristu kuti azikondana, Paulo akulumikiza philia ndi storge kukhala liwu limodzi, ngati akuti kondanani monga a bere limodzi. Ndiye kuti chikondi chanucho, mayi, ndicho anatenga ngati muyeso. Akondeni anawo ndi mtima wonse.

Ina yachokera kwa mnyamata wa sukulu ku Zomba: "Ndinamva kuti pa Yohane 21 Petro anamva chisoni chifukwa Yesu anatsitsa chikondi kuchoka pa agape kufika pa philia. N'zoona?"

Achimwene, mbali ina n'zoona: pofuna kudziwa ngati Petro amamukonda, kawiri Yesu akufunsa ndi agapao, kachitatu ndi phileo, pomwe Petro akuyankha ndi phileo katatu konse. Akatswiri ena amaonapo tanthauzo. Ine ndimatsamira kwa amene amati Yohane amakonda kusinthasintha mawu, pakuti m'nkhani yomweyo akutchula anaankhosa, kenaka nkhosa.

Chimene chimandigwira mtima ndi moto. Pa Yohane 18:18 Petro akuwotha moto wamakala m'bwalo la mkulu wa ansembe, usiku wozizira uja anakana Mbuye wake katatu. Pa 21:9, m'mphepete mwa nyanja ya Tiberiya, akupezanso moto wamakala, nsomba zili pamwamba, mkate uli pambali. Atadya, mafunso akubwera atatu. Ndime 17 ikuti Petro anamva chisoni chifukwa anamufunsa kachitatu. Mukafika kunyumba muwerenge malo awiriwo motsatizana, ndipo mudzatilemberenso zimene mwapeza.