Kuika Windows 98 pa kompyuta yakale

Eee, moni nonse abale anga amene mumakonda kusewera ndi makompyuta akale. Lero tikambe za Windows 98, koma ya Second Edition, ya 1999 ija. Microsoft inasiya kuisamalira mu July 2006, ndiye musamalowe nayo ku banki pa intaneti. Ndi ya masewera ndi mapulogalamu akale basi.

Ndiye mukayatsa... ayi dikirani, musanayatse n'komwe. Pa motherboard pali kabatire kozungulira ngati kobiri, CR2032. Kasinthenitu. Kakafa, BIOS, kapulogalamu ka pa motherboard kamene kamayatsa kompyuta, imayiwala tsiku ndi zonse zimene mwasintha mukangozimitsa magetsi.

Tsopano za RAM, ndipo apa mvetserani bwino, chifukwa anthu ambiri amagwera pomwepa. Windows 98 siikonda RAM yambiri. Ikapitirira 512 MB imayamba misala, imalemba kuti memory yachepa pomwe RAM ilipo yambiri. Yachepa, pomwe ilipo yambiri! Vuto lake ndi chinthu china chotchedwa VCACHE, chimene chimasungira mafayilo mu RAM kuti zinthu zizithamanga. RAM ikachuluka, chimagwira malo ambiri mpaka Windows kusowa popumira. Ndiye poika, zulani RAM ina, musiye 512 MB kapena yochepera apo. Mukamaliza kuika, tsegulani fayilo ya system.ini, pezani pamene palembedwa [vcache], pansi pake mulembe MaxFileCache=524288. Ndibwereze, MaxFileCache, chizindikiro cha equals, 524288. Kenako mubwezere RAM ija. Ngati ndi yoposa 1 GB, pansi pa [386Enh] muwonjezere MaxPhysPage=40000, kuti Windows ione 1 GB yokha. Pali mnyamata wina anauzidwa zimenezi, iye n'kunena kuti RAM yambiri ndiye mphamvu, anaika 2 GB. Anafomata katatu, akuganiza kuti CD ndi yokalika. CD inalibe vuto lililonse.

Hard disk. Yaing'ono ndiye yabwino, 20 GB kapena 40 GB. FDISK ya Windows 98, pulogalamu yogawira disk, imawerenga molakwika disk yoposa 64 GB, ndipo kupitirira 137 GB mutha kuwononga mafayilo osadziwa. Ena m'malo mwa hard disk amagwiritsa memory card ya CompactFlash ndi ka adapter ka IDE, zimayenda bwino, palibe phokoso. Jumper, kapulasitiki kakang'ono kolumikiza mapini pa disk, muike pa master. Ndati master, osati cable select, ma cable ena akale aja amasokoneza.

Mukayatsa ndi boot disk, floppy yoyatsira ya Windows 98, sankhani with CD-ROM support. Lembani fdisk, ikafunsa za large disk support yankhani Y, apo ayi ikupatsani FAT16, njira yakale yosungira mafayilo, ndipo partition, chigawo cha disk, ithera pa 2 GB. Pangani primary partition, ndipo muione kuti ili active, ikapanda kutero kompyuta siiyaka ndi disk imeneyo. Zimitsani, muyatsenso, kenako format c: /s.

Aa, ndayiwala chimodzi. Boot disk ija imapanga ka drive kongoyerekeza mu RAM, ndiye CD siikhala D ayi, imakankhidwira pa E. Anthu amalemba D, D, D, n'kumadabwa kuti setup sikuoneka. Onani pa skrini pamene ikuyaka, imakuuzani chilembo chake.

Musayambe setup pa CD. Pangani foda pa C, md c:\win98, kenako copy e:\win98\*.* c:\win98, n'kuyambira setup mmenemo. Chifukwa chake n'choti mukamaika ma driver mtsogolo, Windows izifuna CD nthawi zonse, ndipo tsiku limenelo CD-ROM imakhala isanaoneke. Mafayilo akakhala pa C imangotenga yokha.

Ma driver, yambani ndi a chipset, kenako a graphics, kenako a sound. Flash ya USB siigwira yokha pa 98, pamafunika driver yotchedwa NUSB, ndipo musanaike imeneyo chotsani kaye ma USB onse mu Device Manager.