Makalata a omvera: chamba ndi mapulogalamu osagulitsa a pa kompyuta

Kalata yathu yoyamba yachokera kwa bambo wina amene ndi mlimi ku Nkhotakota, ndipo alemba motere: "Ine ndakula ndikuona anthu akumangidwa chifukwa cha chamba, koma tsopano ndikumva kuti boma likupereka ziphaso zolimira mbewu yomweyo. Kodi anayamba kuletsa chamba ndani, ndipo anaona chiyani?"

Abambo, funso lanu ndi lolemera, chifukwa lamulo limeneli silinabadwire m'midzi mwathu muno. M'chaka cha 1893 boma la Britain linakhazikitsa bungwe lofufuza za chamba ku India, ndipo litamva mboni zoposa 1,000, linalemba mu 1894 kuti kugwiritsa ntchito chamba mosapyola muyezo sikunkaoneka kuti kukuwononga anthu ambiri, ndipo linalangiza kuti chizidulidwa msonkho m'malo mochiletsa. Malangizo amenewa sanapite patali. Boma la azungu ku South Africa linaletsa chamba mu 1922, ndipo chaka chotsatira linapempha bungwe la mayiko la nthawi imeneyo, League of Nations, kuti lichiike m'gulu la mankhwala oopsa. Pa msonkhano wa ku Geneva wa 1925, nthumwi ya dziko la Egypt inalimbikira mfundo yomweyo, ndipo chamba chinalowa m'pangano la mayiko.

Ku America nkhaniyi inakula chifukwa cha Harry Anslinger, amene anatsogolera nthambi ya boma yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo kuyambira mu 1930. Iye ankafalitsa nkhani zoopsa zonena kuti chamba chimachititsa anthu kupha anzawo, ndipo nkhanizo zinkaloza makamaka anthu akuda ndi anthu ochokera ku Mexico. Pamene lamulo la 1937 lolimbana ndi chamba linkakambidwa, Dr William Woodward, woimira bungwe la madokotala la American Medical Association, anadandaula kuti umboni umene unaperekedwa unali wa m'nyuzipepala osati wa akatswiri a zaumoyo, koma lamulolo linadutsabe. Pangano la United Nations la 1961 linaika chamba pa mndandanda wa mankhwala oopsa kwambiri, ndipo chinakhala pamenepo mpaka mu Disembala 2020, pamene mayiko 27 anavota kuti chichotsedwepo pomwe mayiko 25 anakana. Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza m'chaka chomwecho cha 2020 lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo ziphaso zimaperekedwa ndi bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Ndikupempheni, abambo, kuti musabzale ngakhale phando limodzi musanalandire chiphaso, pakuti kulima popanda chilolezo ndi kusuta chamba zikadali milandu.

Kalata yachiwiri alemba ndi mayi wina amene amaphunzitsa ku Dedza. Iwo akuti: "Pasukulu pathu tinalandira makompyuta akale, ndipo mnyamata amene anawakonza anaikamo mapulogalamu otchedwa Linux ndi LibreOffice, nkunena kuti sitidzalipira kanthu. Makolo a m'komiti akana, akuti zaulere zinatha kale, ndipo pulogalamu yosagula iyenera kukhala yakuba kapena ya mavairasi. Ndiwayankhe chiyani?"

Amayi, makolowo sakulakwa kukayikira, chifukwa ambiri a ife tinaonapo makompyuta akuwonongeka ndi mapulogalamu okopera mwachinyengo. Komabe pali kusiyana kwakukulu. Pulogalamu yokopera mwachinyengo ili ndi mwini wake amene amaigulitsa ndipo sanalole kuti igawidwe, pamene Linux, imene imayendetsa kompyuta yonse, ndi LibreOffice, yolembera makalata ndi ntchito zina za mu ofesi, eni ake analemba chilolezo poyera kuti aliyense azigwiritsa ntchito. Chinenero chathu chimatithandiza pamenepa, pakuti tili ndi mawu awiri, ulere ndi ufulu, ndipo chimene katswiri wa makompyuta Richard Stallman ankafuna poyambitsa GNU, ntchito yopanga mapulogalamu oterewa, mu 1983 chinali ufulu: woti munthu agwiritse ntchito pulogalamu, awerenge khodi yake, kutanthauza malangizo amene amaiyendetsa, aisinthe, ndiponso agawireko anzake. Linus Torvalds, wophunzira wa ku Helsinki, anatulutsa Linux mu 1991, ndipo posakhalitsa inayamba kugawidwa pa mfundo zomwezo.

Mantha amene makolowo ali nawo anafesedwaponso ndi anthu amene malonda awo ankaopsezedwa. Mu 2001 Steve Ballmer, amene ankatsogolera kampani ya Microsoft, anayerekeza Linux ndi matenda a khansa, koma pofika mu 2016 kampani yomweyo inalowa m'bungwe lolimbikitsa Linux lotchedwa Linux Foundation. Makolowo muwauze kuti foni ya Android imene ili m'thumba mwawo imayendera Linux, ndiponso kuti DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira chiwerengero cha odwala ndi katemera m'maboma onse, ndi pulogalamu ya mtundu womwewu yopangidwa pa yunivesite ya Oslo. Chimene ndingakuchenjezeni n'chakuti ana adzafunika nthawi kuti azolowere, ndipo sukulu iyenera kukhala ndi munthu wodziwa kukonza zinthu zikavuta.

Wophunzira wina wa ku Zomba, amene anamva pamene tinalengeza mitu iwiriyi sabata yatha, walemba mwachidule kuti: "Kodi nkhani ziwirizi si imodzi? Zonse zinaipitsidwa ndi anthu amphamvu, choncho zonse zilibe vuto."

Mwanawe, theka la mawu ako ndikugwirizana nalo. N'zoona kuti m'nkhani zonse ziwiri mantha anatsogola ndipo umboni unabwera pambuyo, ndipo pulogalamu ya pa kompyuta inachitiridwapo ngati katundu woletsedwa: Phil Zimmermann atagawa kwaulere PGP, yobisira mauthenga, mu 1991, boma la America linamufufuza kwa zaka zitatu ngati munthu wotumiza zida za nkhondo kunja, mpaka linasiya nkhaniyo mu 1996 osamuzenga mlandu. Koma pa theka linalo sindikuvomereza, ndipo ndikunena izi mtima uli pa achinyamata athu. Kukokomeza kwa Anslinger sikutanthauza kuti chamba chilibe vuto, pakuti madokotala apeza kuti kusuta kwambiri, makamaka munthu akayamba ali wamng'ono, kumawonjezera chiopsezo cha matenda a maganizo, ndipo mabanja ambiri akudziwa zimenezi ndi misozi.

Mapulogalamu aufulu nawonso amakhala ndi zolakwika. Mu Malichi 2024 kunapezeka kuti munthu wina amene anathandiza nawo kwa zaka pafupifupi ziwiri pa pulogalamu yotchedwa xz anabisamo khomo lachinsinsi lolowera m'makompyuta a anthu. Amene anatulukira zimenezi ndi katswiri wina dzina lake Andres Freund, yemwe anadabwa kuona kompyuta ikuchedwa ndi theka la sekondi, ndipo popeza ntchito yonse inali poyera, anatsata vutolo mpaka anapeza gwero lake lisanafalikire m'makompyuta ambiri. Amayi a ku Dedza aja angathe kufotokozera komiti nkhani imeneyi, kenaka apemphe mnyamata wokonza makompyutayo kuti aonetse makolo chilolezo cha mapulogalamuwo ndi malo a pa intaneti kumene anawatenga.