Makalata a omvera: Mwana wosokoneza zilembo ndi nkhani ya Erna Solberg

Moni nonse okondedwa omvera. Sabata yatha tinakamba za amayi pa ndale m'maiko akutali, ndipo makalata ambiri akhudza dzina limodzi, la Erna Solberg wa ku Norway.

Bambo a ku Kasungu akufunsa kuti mayiwa ndi ndani kwenikweni. Bambo, anabadwira mumzinda wa Bergen mu 1961, analowa nyumba ya malamulo ya kwawo mu 1989, anayamba kutsogolera chipani cha Høyre mu 2004, ndipo anakhala nduna yaikulu kuyambira 2013 mpaka 2021. Ndi mayi wachiwiri kukhala pampandowu, woyamba anali Gro Harlem Brundtland.

Kalata imene yandigwira mtima ndi ya mayi a ku Dedza. Akuti mwana wawo wamkazi wa Sitandade 5 amasokoneza zilembo, b amaiyesa d, ndipo aphunzitsi akamuimika kuti awerenge, kalasi lonse limaphulika kuseka. Tsopano bambo ake akuti angosiya sukulu, azikathandiza kudimba. Mayiwa anamva kuti Solberg nayenso ankavutika chimodzimodzi, ndiye akufunsa ngati n'zoona.

Mayi, n'zoona. Solberg ali ndi zaka 16 anapezeka kuti ali ndi dyslexia, vuto limene limachititsa kuti kuwerenga ndi kulemba kukhale kovuta ngakhale mutu ukugwira bwino ntchito. Iye sanabise, wakhala akulankhula poyera za vutoli. Mtsikana ameneyo ndi amene anakamaliza maphunziro ku yunivesite ya Bergen, nadzatsogolera dziko zaka zisanu ndi zitatu. Mu 2014 anafika kuno ku Malawi ali ndi nkhani ya maphunziro a atsikana pakamwa.

Ndiye bambo a mwanayu, ngati mukumvera, ndikupempheni ndi ulemu: dimba silithawa. Mwanayo musamutche mbuli. Ndalandira makalata ambiri otere chaka chino, ndipo kawirikawiri mwana wamwamuna akalephera amati abwereze, wamkazi akalephera amati akwatiwe. Zimenezi zikundiwawa. Mayi, pitani kwa ahedi mukafunse za aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Madzulo muzimuwerengera mokweza, iye azitsatira ndi chala pang'onopang'ono. Nanunso aphunzitsi, kumuimika mwana wotere pamaso pa anzake kuti asekedwe n'kumuthamangitsa sukulu.

Wachinyamata wa ku Mzuzu akufunsa ngati n'zoona kuti nduna yaikulu inalipitsidwa chindapusa. Inde, mu 2021 apolisi anamulipitsa Solberg makrona 20,000, ndalama za ku Norway, chifukwa phwando lokumbukira kubadwa kwake linaphwanya malamulo a Covid-19. Anapepesa, nalipira. Achimwene, phwando la zaka 60 linadula ndithu!

Agogo a ku Mulanje akuti mkazi sangayendetse dziko pamene nyumba yake yamukanika. Akunena za 2023, pamene zinaululika kuti amuna ake a Solberg anagula ndi kugulitsa masheya a makampani kambirimbiri iye ali pampando. Agogo, nkhaniyo inali yaikulu ndipo anthu a ku Norway anali ndi ufulu womufunsa mafunso olimba. Koma amuna angati andale amene timawaweruza ndi zochita za akazi awo? Ndikuyembekezera kalata yanu ina pa funso limeneli.