Nkhani zili pa mjigo pompa

Zikomo amayi ndi abambo, inu anyamata akumbuyoko senderani kuno mipando ilipo. Lero tikambe zolemba nkhani zathu. Chandiimitsa pano ndi zija zinachitika pa maliro a agogo tinaika mwezi wathawu ku Mufakose, kuno ku Harare. Ambiri munalipo. Itakwana nthawi yonena mbiri yawo adzukulu anangoyang'anana, wina akuti kwawo ndi ku Dedza wina akuti ayi ku Ntcheu, dzina la mfumu palibe analidziwa. Munthu woti anabwera wapansi kudzera ku Tete kuno kudakali Salisbury, chitaganya cha 1953 chija anachiona ndi maso, ife tangomukwirira ndi nkhani zake zonse. Zikundiwawabe.

Nde sabata yomweyo mtsikana wina wa pano anandipatsa nthano yake kuti ndiwerenge. Muli anthu aku London, muli sitima zoyenda pansi pa nthaka. Ndinati mwana wanga, zimenezi unaziona kuti? Akuti pa foni. Sindikumunyoza ayi, luso ali nalo, koma agogo aja amakhala nyumba yachitatu kuchokera kwawo kwa mtsikanayu, tsiku ndi tsiku ali pakhonde ndi makina awo a Singer, mapini kukamwa, akuyankhula choncho osagwetsa ndi imodzi yomwe. Iye amangodutsa. Chomwe waona lero, lemba lero, mawa sudzachipeza.

Pitani pa mjigo 4 koloko mmawa. Zigubu ndandanda, pakati pake mwala, mwini wake wathamangira kukaphikira ana phala. Mzere ukamayenda pali wina amaukankha mwala uja ndi phazi kuti usatsale. Ndani ameneyo, amachitiranji zimenezo kwa munthu woti mwina dzulo anatukwanizana? Nkhani ndi imeneyotu. Kapena mu kombi yaku Mbare, chenje palibe, hwindi, kondakitala uja, wakukwatitsani ndi munthu wosamudziwa pa dola imodzi, mwatsika awiri mukuyenda limodzi kusaka wokusinthirani. Inu mumangodandaula pa WhatsApp basi, osalemba. Waona lero, lemba lero.

(Mnyamata wina: Koma aphunzitsi, Chichewa chathuchi ndi chosakaniza ndi Chishona, aku Malawi satiseka?)

Wafunsa bwino mwana wanga. Aseke, nanga kuseka kumapha? Iwe unabadwira ku Highfield, bambo ako ku Highfield, ukufuna uziyankhula ngati wa ku Kasungu bwanji? Amayi ako akamakukalipira amayamba Chichewa nkumalizira Chishona, ndipo amasinthira pamene mkwiyo wafika pakhosi, sichoncho? Mwaona mukuseka, mukudziwa. Chimenecho wolemba wa ku Lilongwe sangachipeke, ndi chako. Komanso malamulo aakulu a dziko lino la Zimbabwe a 2013 anatchula zilankhulo 16, Chichewa chilimo, sitikuchita kubisala nacho. Gule wamkulu amene ena kuno amamuthawa, a UNESCO anamulemekeza mu 2005. Ife tinakula tikuchita manyazi, pa sukulu timabisa kuti kwathu timati nsima, ndipo manyazi amenewo ndi amene anatseka pakamwa agogo ambiri. Lemba mmene mumayankhulira pakhomo panu, kalembedwe tidzakonza limodzi.

Ndaona ena mwayamba kusuzumira ku ketulo, ndithamange. Kakope kakang'ono mthumba, kapena foni yomweyo. Lembani mawu enieni amene munthu wanena, osawakometsa. Musati anali wokhumudwa, tiuzeni manja ake amatani. Mayina sinthani, tisadzakumane ku polisi. Akuluakulu muziyamba mwawapempha, mukhale pansi, muwafunse mudzi, mfumu, mfunda wawo, njira anadzera. Za ku dambwe zisiyeni, si zolemba. Ndipo lero lomwe, osati mawa, ndabwereza kangati kodi?

Loweruka likubwerali aliyense tsamba limodzi, ngakhale inu amayi a kwaya. Amene muli ndi agogo pakhomo muyambe ndi iwowo usiku uno, magetsi akazima mpamene amayankhula bwino. Tsanulirani tiyiyo.