A PMF aja ndi asilikali kapena apolisi?

Moni nonse kulikonse komwe mukuonera, lero tikujambulira kuno ku Dedza. Funso lomwe labwera kwambiri m'makomenti ndi la anthu ovala yunifolomu ya mawangamawanga aja, amene amafika pa lole atanyamula zishango, zisoti kumutu ndi mfuti za utsi wokhetsa misozi. Timangoti "a PMF abwera" ena nkumati ndi asilikali. Ayi abale, amenewa ndi apolisi ndithu, ndipo ine ndikufuna mumvetse bwino chifukwa zikavuta muyenera kudziwa amene amawalamula komanso khomo lomwe mungakagogode.

Tiyambire pamwamba. Polisi ya dziko lino inayamba mu 1921 nthawi ya atsamunda, pano dzina lake ndi Malawi Police Service ndipo likulu lili ku Area 30 ku Lilongwe. Mkulu wa onse ndi Inspector General, IG timanena uja, amasankhidwa ndi Pulezidenti koma Nyumba ya Malamulo iyenera kumuvomereza kaye. Pansi pake pali achiwiri ake, kenako makomishonala oyang'anira zigawo, ife a Dedza ndi Ntcheu tili pansi pa Central West. Kuchoka apo mumafika pa siteshoni ya paboma pomwe pamakhala OC, mkulu wa siteshoniyo, nkutsikira ku ma post ndi ma unit a kumidzi kuja komwe timakapereka sitetimenti mbuzi ikabedwa.

Nde a PMF ali pati pamenepa? Iwo ndi nthambi ya polisi yomweyi, inakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1950 nthawi ya Chitaganya pomwe boma la atsamunda linkafuna gulu lothana ndi zipolowe mwachangu. Kale ankatchedwa Police Mobile Force, pano ndi Police Mobile Service, PMS, ngakhale pakamwa pathu PMF sinachoke. Kusiyana kwawo ndi wapolisi wa pa siteshoni ndi kotere: wa pa siteshoni ali ndi dera lake, amadziwa mafumu, amadziwa mavenda a pa Lizulu maina awo, amatha kuyenda yekha kapena awiri kukafufuza mlandu. A PMS sakhala a dera limodzi, amakhala m'makampu mwawo m'ma division, amayenda pagulu m'ma platoon, ndipo aliyense ali ndi malo ake pamzere. Akutsogolo agwira zishango, kumbuyo kwawo kuli oponya utsi, pambali pali komanda yemwe ndi yekhayo wonena kuti tsogolo kapena bwererani. Munthu sachita zake pamenepo, amadikira lamulo basi. Ndichifukwa chake amaoneka ngati asilikali, maphunziro awo a pelete ndi mfuti ndi okhwima, ndipo ife kuno tisamadabwe nazo poti sukulu zophunzitsa apolisi tili nazo pakhomo pomwe, ina ku Mtakataka kuno ku Dedza ina ku Mlangeni ku Ntcheu.

Ntchito yawo ndi pomwe apolisi a pa siteshoni achepa mphamvu, monga zionetsero zikafika posweka magalasi, mpira waukulu, zisankho, mbava za mfuti, kulondera malo ofunika a boma.

Maiko ena anakonza mosiyana. Ku Italy kuli a Carabinieri omwe anayamba mu 1814, ku France kuli Gendarmerie, amenewo ndi asilikali enieni, maudindo awo ndi a usilikali koma amagwira ntchito ya polisi tsiku ndi tsiku mpaka m'matauni ang'onoang'ono. Kwathu kuno sizili choncho. Asilikali a MDF ali ndi komanda wawo ndi lamulo lawo, amabwera kudzathandiza apolisi zikafika povuta ngati momwe tinaonera pa zionetsero za 2019. A PMS mzere wawo umakathera kwa IG, osati ku Kamuzu Barracks.

Apa ndi pomwe mtima wanga uli. Poti ndi apolisi, lamulo la Police Act la 2010 ndi malamulo aakulu a dziko amawamanga chimodzimodzi ngati konsitabo wa pa rodibuloko. Chishango ndi chisoti sizimupatsa munthu ufulu womenya mayi wogulitsa tomato yemwe wangopezeka panjira. Pa 20 ndi 21 July 2011 anthu 20 anafa pa zionetsero m'dziko muno, mabanja awo mpaka lero akulira, nde tisamaitenge ngati nkhani yamasewera. Komanso anyamata ndi atsikana ali kuseri kwa zishangozo ndi ana athu omwe, mwala womwe mwaponya umakagwera mwana wa mnzanu wa ku Bembeke kapena ku Tsangano.

Mukachitiridwa nkhanza pali Independent Complaints Commission, bungwe lomwe lamulo lomwelo la 2010 linakhazikitsa kuti lizifufuza madandaulo okhudza apolisi, ndipo silili pansi pa IG. Vuto ndi loti a PMS amabwera pagulu nkhope zili m'zisoti, mawa lake abwerera kukampu, nde kuloza munthu mmodzi kumavuta. Lembani tsiku, nthawi ndi malo, onani nambala ya galimoto, za polisi zimayamba ndi MP, pitani kuchipatala akulembereni lipoti ngati mwavulala, ndipo pezani mboni ngakhale ziwiri zomwe zinaona. Gulu lililonse lomwe latumizidwa limakhala ndi komanda wake, ofufuza amayambira pamenepo.

Vidiyo ikubwerayi tikamba za a Payoniya ndi momwe asilikali anawalandira zida mu December 1993, amene munaona ndi maso anu kuno ku Dedza ndi Ntcheu tilembereni m'makomentimo.