Galu akasiya chakudya, tukulani mlomo muone nkhama

[Woulutsa wakhala pakhonde, galu wagona pambali pake]

Moni abale ndi alongo a kuno ku Johannesburg, a ku Diepsloot, Cosmo City, Rosettenville, Mayfair, ndi inu amene mukuonera muli kumudzi. Lero tikambe za matenda a agalu. Wina wanena kale mumtima kuti, "Ife tinabwera kudzasaka ndalama, za agalu zikutikhudza pati?" Zikutikhudza, achimwene. Ambirife timagwira ntchito m'mayadi ndi m'nyumba za anthu. Abwana amachoka mbandakucha, amabwera kutada. Wothira chakudya m'mbale ya galu, wosintha madzi, wowola chimbudzi chake pa kapinga ndi inu. Enanso tili ndi agalu athuathu otilondera pakhomo. Galu akayamba kudwala, woyamba kuona ndi inuyo, ndipo matenda ena amene nditchule pano sapereka mpata woti munthu adikire malipiro a pa mwezi.

[Kamera iyandikire pakamwa pa galu]

Taonani chimene ndikuchita. Ndatukula mlomo wam'mwamba ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, osamudzidzimutsa. Nkhama za galu wabwinobwino zimakhala zofiirira ndiponso zonyowa. Ndikadina ndi chala apa, payera. Ndikachotsa, magazi abwerera masekondi 2 asanathe. Zolowerani kuchita zimenezi galu ali bwino, kuti tsiku limene nkhama zidzasinthe mudzazindikire msanga. Zikayera mbuu, magazi akutha. Zikakhala zachikasu, matenda afika patali. Zikauma n'kumamata chala, madzi atha m'thupi. Zonsezi ndi za kwa avetenale tsiku lomwelo.

Nthenda imene imayeretsa nkhama kawirikawiri m'dziko muno amaitcha biliary. Mwachidule tinene kuti ndi malungo a agalu. Monga udzudzu umalowetsa tizilombo m'magazi a munthu, nkhupakupa ikaluma galu imalowetsa kachilombo kotchedwa Babesia, ndipo kameneka kamalowa m'maselo ofiira a magazi n'kumawaswa. Mtundu wa kuno, Babesia rossi, ndi wolusa kuposa mitundu ina ya padziko, ndipo umayenda ndi nkhupakupa yachikasu ya agalu. Mvula ikayamba mu Okutobala, udzu n'kukula, nkhupakupa zimachuluka ndipo odwala amachulukanso, ngakhale nthendayi imapezeka chaka chonse.

Imayamba mwakachetechete. Galu amene amakuthamangirani pageti lero wangokweza mutu, mchira wagwedeza kamodzi, wagonanso. Chakudya wanunkhiza n'kusiya. Thupi latentha. Dziwani kuti galu mwachibadwa ndi wotentha kuposa munthu, amakhala pa madigiri 38 mpaka 39, ndiye kungomugwira sikokwanira. Yang'anani mkodzo. Ukayamba kuda ngati tiyi wopanda mkaka kapena kufiira, amenewo ndi magazi osweka akutuluka kudzera mu impso. Musanene kuti tiona mawa. Imbirani abwana nthawi yomweyo, ngakhale ali pamsonkhano. Kuchipatala amabaya pang'ono kunsonga ya khutu, amapaka kadontho ka magazi pagalasi, amaona pa makina, ndipo pa mphindi zochepa yankho latuluka. Galu wofika msanga amalandira jakisoni n'kubwerera kunyumba. Wofika mochedwa amafunika kumuika magazi a galu mnzake ndi kumugoneka, ndalama zake n'zambiri, ndipo ena sadzuka.

Pano pali chinthu chimene chimandipweteka mtima. Ena mwa ife tinaweta ng'ombe kumudzi, timadziwa mankhwala a Berenil, ndipo timadziwa kubaya. Zoona, mankhwala omwewo avetenale amagwiritsa ntchito pa biliary. Koma pa galu mlingo wake amauwerengera ndendende pa sikelo. Ukangopyola, kapena mukabwereza patangopita masiku ochepa, amawononga ubongo, ndipo zimenezo sizibwerera. Galu amayamba kudzandira, kuuma miyendo, kulira, mpaka kufa. Chonde, musabaye mongoyerekeza ndi maso.

Kupewa n'kosavuta kusiyana ndi kuchiza. Pali mapiritsi otafuna: NexGard ndi Simparica amateteza mwezi umodzi, Bravecto masabata 12. Palinso dipi, mankhwala odontheza pakhosi ndi makolala. Gulani molingana ndi kulemera kwa galu, ndipo dipi ya ng'ombe musasungunule mwa mutu wanu n'kusambitsira galu. Madzulo mupapaseni m'makutu, m'khosi, m'khwapa ndi pakati pa zala. Mukapeza nkhupakupa igwireni pafupi ndi khungu, kokani mowongoka. Nkhupakupa yofiirira imene imabisala m'ming'alu ya khola imabweretsa nthenda ina, ehrlichia, yowondetsa galu pang'onopang'ono, nthawi zina n'kumatulutsa magazi m'mphuno. Mankhwala ake amamwa pafupifupi masabata 4, osadukiza ngakhale galu aoneke kuti wachira.

[Chithunzi cha tiana ta agalu]

Tsopano tiana. Mwagula kagalu pamsewu, kapena mnzanu wakupatsani. Masiku oyamba kakusewera, kakuluma nsapato. Kenako kakhala chete, kakusanza, kakutsekula m'mimba zamadzimadzi zosakanikirana ndi magazi, fungo lake loti mukalimva kamodzi simudzaliiwala. Imeneyo ndi parvo. Kuno mudzamva anthu akuti cat flu, koma musapite kukathamangitsa mphaka wa aneba, nthendayi imachoka kwa galu kupita kwa galu kudzera m'chimbudzi. Inadziwika padziko mu 1978, ndipo imakonda tiana ta masabata 6 mpaka miyezi 6 tosabayitsa katemera. Kukayamba kutentha, kuyambira Seputembala, zipatala za agalu zimalandira tiana tambiri totere.

Kachilomboka kamasupula m'kati mwa matumbo. Palibe jakisoni woti abaye kamodzi nthenda n'kutha. Chimene chimapulumutsa ndi dilipi, mankhwala oletsa kusanza ndi oteteza ku matenda ena olowerapo, mpaka thupi litalimbana nako lokha. Kagalu kosathandizidwa kamatha kufa m'masiku awiri kapena atatu.

Choopsa china n'chakuti kachilomboka kamakhala m'dothi miyezi yambiri, mwina kupyola chaka. Mumakanyamula kunsi kwa nsapato. Inu amene mumagwira mayadi angapo pa sabata, Lolemba ku Randburg, Lachitatu ku Fourways, mukhoza kukasamutsa osadziwa. Ngati pa yadi ina padwala parvo, tsukani nsapato ndi manja musanalowe pena. Sopo wamba sakapha. Chimene chimakapha ndi Jik: kapu imodzi ku makapu 30 a madzi, mutayamba mwachotsa zonyansa zonse, n'kusiya mphindi 10 musanatsukuluze. Pa simenti ndi m'mbale zimatheka, pa kapinga ndi padothi n'zovuta. Ndiye kagalu kakafa ndi parvo, musathamangire kukatenga kena sabata yamawa kuti ana asiye kulira. Mudzalira kawiri.

Katemera wake ndi uja amati 5-in-1. Woyamba pa masabata 6 mpaka 8, wachiwiri pakapita masabata 3 kapena 4, wachitatu chimodzimodzi, mpaka kafike masabata 16. Jakisoni mmodzi sakwanira, ndipo wogulitsa akakuuzani kuti kanabayidwa kale, mufunseni khadi lokhala ndi sitika ndi siginecha. Katemera yemweyu amatetezanso distemper, nthenda ya manthongo m'maso, mamina okhuthala, chifuwa, kenako kunjenjemera kwa minofu ndi kukomoka. Ikafika ku ubongo, ochira ndi ochepa.

[Woulutsa waima pafupi ndi mpanda]

Ichi si nthenda, koma chimapha agalu ambiri m'tauni muno. Kwathu timati tameki, kuno amati Two Step. Ndi timibulu takuda, tating'ono kuposa mawere. Lamulo linaletsa, komabe amagulitsa m'timapepala m'misewu ngati mankhwala a makoswe. Akuba amatiika mu soseji kapena nyama n'kuponya m'kati mwa mpanda usiku, kuti akabwera apeze pakhomo pali zii. Galu amene wadya amachucha dovu, amanjenjemera thupi lonse, amasanza, amatsekula, kadontho kakuda ka m'diso kamachepa kwambiri, mpweya umabanika. Akhoza kufa ola lisanathe. Mkaka, mafuta ophikira, mazira, zonsezo n'kutaya nthawi, ndipo kumwetsa galu amene akukomoka kumamutsamwitsa. Mukulungeni m'bulangete, thamangani naye kwa avetenale apafupi, wina aziimba foni muli m'njira. Ali ndi jakisoni wotchedwa atropine amene amapulumutsa mukafika msanga. Masanzi ndi nyama yotsala musagwire ndi manja, valani pulasitiki, ndipo ana asayandikire. Dziwitsani aneba ndi apolisi, chifukwa amene waponya nyamayo ali ndi cholinga. Inu a m'mayadi, m'mawa uliwonse yendani m'mbali mwa mpanda musanatsekulire agalu. Ndipo tameki musamasunge m'chipinda chifukwa cha makoswe. Ana amafa naye.

Za chiwewe sindifunika kukuuzani zambiri, tinakula tikuchiopa. Kwathu ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera kuyambira 2015. Koma ena amaganiza kuti mumzinda wa magetsi ngati uno mulibe. Mu 2010 chinabuka kum'mwera chakumadzulo kwa Johannesburg, ndipo mwana wamng'ono wa ku Soweto anamwalira. Mu 2021 chinapezekanso mwa nkhandwe cha ku Cradle of Humankind, dera la kufupi ndi mzinda uno. Ku KwaZulu-Natal ndi ku Eastern Cape chilipo chaka ndi chaka, ndipo agalu amayenda ndi eni ake pa maholide. Lamulo la dziko lino, Animal Diseases Act la 1984, limakakamiza kubayitsa galu ndi mphaka aliyense: koyamba pa miyezi 3, kubwereza chaka chisanathe, kenako pa zaka 3 zilizonse. Avetenale a boma amabaya ulere pa makampeni, makamaka chakumapeto kwa Seputembala, poti pa 28 ndi tsiku lokumbukira nthendayi padziko lonse.

Galu wachiwewe sikuti nthawi zonse amalusa. Wina amangofooka, chibwano chalendewera, dovu likutsika, ngati watsamwidwa ndi fupa. Musalowetse dzanja m'kamwa kufuna kuchotsa fupalo. Mukalumidwa kapena kukandidwa ndi galu wosamudziwa, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Kaya mzere ndi wautali, kaya mukuopa mafunso a mapepala, pitani. Zizindikiro zikangoyamba mwa munthu, palibe dokotala angamubweze.

Mphere ndi njoka za m'mimba tidutsepo mwachangu. Galu wothothoka ubweya, wodzikanda usiku wonse, musamupake oyilo wakuda wa galimoto kapena Jeyes Fluid. Zimawotcha khungu, ndipo akanyambita ndi poizoni. Mapiritsi a nkhupakupa ndatchula aja amaphanso tizilombo ta mphere. Mankhwala a njoka mupatseni miyezi 3 iliyonse, tiana pafupipafupi, chifukwa njoka zina zimalowa mwa ana athu osewera padothi. Kuno ku Gauteng kulinso nyongolotsi yotchedwa Spirocerca lupi, imene galu amaitenga akadya tizikumbu tokunkhuniza ndowe, kapena abuluzi ndi mbalame zimene zinadya tizikumbuto. Imapanga chotupa m'njira ya chakudya, chimene chimatha kusanduka khansa. Galu akamabweza chakudya chosagayika atangodya kumene, uku akuwonda, mutchulireni dokotala. Si mankhwala onse a njoka amene amaigwira.

Mankhwala a m'kabati mwanu si a galu. Brufen amayambitsa zilonda m'chifu ndi kuwononga impso. Panado mlingo ukapyola amawononga chiwindi, ndipo mphaka amamupha. Pa chakudya, chokoleti, mphesa ndi anyezi musamupatse, ndiye samalani ndi ndiwo zotsala zothira anyezi wambiri. Mafupa ophika a nkhuku amasweka mosongoka n'kubaya matumbo.

Ndikudziwa funso limene latsala: ndalama. Zipatala za agalu za m'masabebu n'zodula, nzoona. Koma alipo mabungwe amene ntchito yawo ndi kuthandiza anthu opeza zochepa. Johannesburg SPCA ili ku Booysens, Sandton SPCA ili ku Marlboro, kufupi ndi Alexandra. Animal Anti-Cruelty League ili ku Regents Park, PDSA ili ku Soweto, CLAW ili ku Durban Deep cha ku Roodepoort, ndipo Society for Animals in Distress ili ku Midrand. Ambiri amafunsa za kapezedwe kanu n'kukulipiritsani zochepa. Kumeneko mukhozanso kufulitsa galu wamwamuna kapena kutseketsa wamkazi, kuti asamayendeyende ndi kuswa tiana tosowa wotisamala.

Popita, tengani khadi la katemera. Jambulani ndi foni masanzi, chimbudzi kapena mkodzo, dokotala aone mtundu wake. Muuzeni tsiku limene galu anasiya kudya, ndipo ngati munamupatsa mankhwala alionse pakhomo, nenani osabisa, chifukwa zimasintha zimene angamubaye. Inu amene mumasamala agalu a abwana, pemphani lero lomwe nambala ya dokotala wawo ndi ya chipatala chotsekula usiku, muzisunge m'foni, ndipo mugwirizane kuti akakhala kutali foni osayankha, muli ndi chilolezo chomutengera galuyo kuchipatala.