Mapanga a m'Phiri la Soche: Anapangika Bwanji, Nanga Tingapiteko Liti?

(Chithunzi: m'mawa ku Chimwankhunda, phiri likuonekera kuseri kwa madenga a nyumba.)

Takulandirani nonse amene mukutionera. Anthu okhala ku Chimwankhunda, ku Chilobwe, ku Manja ndi ku Zingwangwa amaliona phiri la Soche tsiku ndi tsiku, kaya akudikira minibasi kaya akuchokera kumsika, koma ndi ochepa amene anakwerapo mpaka kufika pa matanthwe a m'mbali mwake, pomwe pali mapanga. Lero tikwera limodzi, ndipo tili m'njira tifotokoza mmene mapangawa anapangikira, pakuti munthu akadziwa zimenezi amadziwanso nyengo yopitako ndi nyengo yokhala pakhomo.

Mzinda wa Blantyre uli pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pamene nsonga ya Soche imapitirira pang'ono mamita 1,500. Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala, koma m'mawondo kumamveka.

(Chithunzi: kanjira kodutsa kuseri kwa nyumba zomaliza.)

Njira imayambira pomwe nyumba zathera, ndipo poyamba imadutsa m'minda ya anthu, pakati pa mapesi a chimanga ndi mitengo ya nandolo. Pano mwambo ndi womwe uja wa kumudzi. Mukapeza amayi akukolola, musangodutsa ngati mphepo, koma munene kuti, "Zikomo amayi, tidutse nawo," kenaka mufunse njira yopita kumatanthwe. Eni dera amadziwa kanjira kamene kanagumuka ndi kamene kali bwino, ndipo zimenezi mapu a pafoni sangakuuzeni.

Mukapitirira minda mumalowa m'tchire la udzu wautali, momwe muli zitsa zambiri za mitengo imene inadulidwa chifukwa cha nkhuni ndi makala. Zitsazi muzikumbukire, tibwereranso kwa izo. Chofunika kusamala nacho pano ndi chitedze. Nthawi yachilimwe zikhokhombe zake zimauma n'kukhala ndi ubweya wofiirira umene umathothoka ukangokhudzidwa pang'ono. Ine tsiku lina ndinagwira chiyangoyango kuti ndisaterereke, osadziwa kuti ndi chitedze, ndipo ndinatsika phiri ndikudzikanda mkono wonse, anzanga akufa nazo kuseka. Kukandako kumangolowetsa ubweyawo mkati mwa khungu, choncho malaya a mikono yaitali ndi buluku lalitali n'zofunika ngakhale kukutentha.

(Chithunzi: matanthwe awiri otsamirana, pansi pake pali mpata wamdima.)

Tafika. Amene amayembekezera chidzenje chachitali cholowa mkati mwa phiri akhumudwa, chifukwa mapanga oterowo amapezeka makamaka kumalo amene kuli miyala ya laimu, imene madzi amaisungunula pang'onopang'ono. Mwala wa mapiri a kuno ndi wolimba kwambiri ndipo susungunuka choncho, koma uli ndi ming'alu. Madzi a mvula amalowa m'ming'alumo, ndipo kwa zaka zikwizikwi amafewetsa m'mbali ndi m'ngodya za mwalawo mpaka kusanduka dothi. Dothilo likakokoloka, pamatsala zimiyala zobulungira, zina zitasanjikizana, zina zitagubuduka n'kutsamira zinzake. Mpata wotsala pansi pake ndi umene timautcha phanga. N'chifukwa chake mapanga ambiri a kuno ndi osazama, ndipo kuwala kwa dzuwa kumalowa kudzera m'mipata ya pamwamba.

Musanalowe, imani kaye pakhomo, muunike ndi tochi ndi kumvetsera. Njuchi zimakonda kumanga m'ming'alu ya matanthwe, ndipo kulira kwake kumamveka patali. Njoka nazo zimabisala m'malo otere, makamaka mphiri, imene siithawa ikamva mapazi a munthu koma imangokhala duu pamalo amodzi, yofanana ndi masamba ouma. Musalowetse dzanja m'phako limene simukuona mkati mwake. Ngati kudenga kuli mileme, pansi pamakhala zitosi zake zouma, ndipo fumbi lake likhoza kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda a m'mapapo, choncho musalipalase ndi nsapato.

Nthawi zina mupeza kuti anthu ena anafika kale. Ambiri amakwera phiri kukapemphera, ena amachezera usiku wonse, ndipo pamiyala mumaona zotsalira za makandulo. Mukawapeza, tsitsani mawu ndi kuwalambalala. Chimene ine sindigwirizana nacho ndi chizolowezi cholemba maina ndi mavesi pamatanthwe ndi penti. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, zithunzi zimene makolo akale anajambula m'mapanga zinachititsa kuti bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe pa dziko lonse, liike malowo pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Dzina la munthu ndi nambala yake ya foni sizidzafika pamenepo.

(Chithunzi: mkwasa wa dothi lofiira wotsetsereka kuloza kunyumba za m'munsi.)

Tsopano tibwerere ku zitsa zija. Ngati phanga ndi miyala yotsamirana, ndiye kuti chimene chikuigwira ndi dothi la pansi pake, ndipo chimene chimagwira dothilo ndi mizu ya mitengo. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula kwa masiku angapo osaleka, dothi la m'phiri muno linakhuta madzi, ndipo matope osakanikirana ndi zimiyala anatsika mpaka kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Anthu ambiri anataya miyoyo, ndipo mabala a phirili akuonekabe mpaka lero. Mphamvu imene inapanga mapangawa pang'onopang'ono ndi yomweyo imene inagwira ntchito m'maola ochepa nthawi imeneyo. Choncho kuthawira mvula yamphamvu m'phanga lotere si nzeru, ngakhale kuti mkati mumaoneka mouma.

Nyengo yabwino yokwera ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikabwera, nkhungu imaphimba njira ndipo miyala imaterera, kotero ndi bwino kudikira kuti kuyere. Mu Okutobala vuto ndi dzuwa, ndipo muyenera kunyamuka mbandakucha mutanyamula madzi okwanira. Musapite nokha, ndipo kunyumba muwauze kumene mwalowera.

Kutsika kumavuta kuposa kukwera, chifukwa timiyala ting'onoting'ono timagubuduka pansi pa nsapato ndipo miyendo imakhala itatopa kale. M'miyezi yozizira dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndiye ife tayamba kubwerera tsopano, 3 koloko ikungokwana kumene, kuti mdima ukatipeze tili kale pamsewu wa ku Chimwankhunda.